Kasitomala mmodzi: nkhani ya helikopita ya Rooivalk ndi nsalu ya Whitex

 Pepani ndinasowa. Teremu ino mapepala ochonga andikwirira, ndiye magetsi a kuno ku Chilobwe mukuwadziwa nokha. Lero ndabwera kudzabweza ngongole. Ndi ngongole ya funso limene mnyamata wina wa Fomu 3 anandifunsa mu 2023, ine n'kumuyankha mothamanga chifukwa belu linali litalira kale.

Marichi wa chaka chimenecho mukumukumbukira. Sindibwereza zimene tinaona napolo atatsika m'phiri la Soche. Amene munali kuno mukudziwa, ndipo ena mwa inu munagona pa Naotcha masabata angapo. Ndikufuna kutolapo chinthu chimodzi chokha, phokoso la helikopita. Masiku otsatira zinkadutsa kumwambaku kulowera ku Mulanje, ku Phalombe ndi kuchigwa cha Shire, kumene misewu ndi milatho zinali zitaduka. Zina mwa ndegezo zinatumizidwa ndi boma la Tanzania, zina ndi la Zambia. Sukulu zitatsegulidwanso, tili pakati pa phunziro, mnyamatayo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, bwanji ife sitipanga helikopita zathu? Bwenzi anthu akupeza ntchito, komanso sibwenzi tikudikira za eni."

Kalasi yonse inaseka. Wina kumbuyo anati tiyambe kaye tapanga singano. Ine ndinangoti a ku Tanzania ndi a ku Zambia nawonso sapanga, amachita kugula kunja, monga momwe asilikali athu anagulira Puma ndi Alouette za ku France kalelo. Yankho loona ndithu, koma losakwana. Funsolo linali ndi miyendo iwiri, ndipo mwendo wachiwiri, wa ntchito, ndi umene wakhala ukundisowetsa mtendere. Paja kuno kummwera kwa Africa lilipo dziko limene linapangadi helikopita yakeyake yankhondo, ndipo zimene zinagwera anthu amene ankaipanga sizikusiyana kwenikweni ndi zimene zinagwera makolo athu pa Makata pano.

Tiyambire ku Joni. Mu 1977 bungwe la United Nations linaletsa maiko onse kugulitsa zida zankhondo ku boma latsankho la South Africa. Chiletso chinalipo kuyambira 1963, koma chija chinali choti wofuna atsate. Cha 1977 chinali chokakamiza. Nthawi imeneyo asilikali a dzikolo anali pankhondo ku Namibia ndi kummwera kwa Angola. Boma linaona kuti ngati a ku Ulaya sawagulitsanso poyera, ndiye adzipangire okha. Bungwe la boma loona za zida, Armscor, linathiridwa ndalama zankhaninkhani, ndipo pansi pake panali kampani yopanga ndege ya Atlas Aircraft Corporation, ku Kempton Park, kufupi ndi bwalo lalikulu la ndege la Johannesburg. Amene munapitako pa ndege munadutsa pomwepo. Ambiri a ife timangodziwa Park Station.

Mu 1984 a Atlas anayamba ntchito yokonza helikopita yomenyera nkhondo. Sanayambe chimanjamanja. Anatola nzeru pa Alouette ndi Puma zimene anali nazo kale, injini yake n'kukhala ya mtundu wa Makila, wochokeranso ku France. Koma thupi lake, kakhalidwe ka oyendetsa awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, mfuti ya pansi pa mphuno ndi mizinga ya m'mbali, zonsezo zinali thukuta la mainjiniya a konko. Anaitcha Rooivalk, dzina la m'chinenero cha Afrikaans la mbalame yofiirira ya mtundu wa kabawi.

Tsopano gwirani tsiku ili. Rooivalk yoyamba inauluka pa 11 Febuluwale 1990. Tsiku lomwelo Nelson Mandela anatuluka m'ndende ya Victor Verster atakhala m'ndende zaka 27. Ndikamaphunzitsa za kutha kwa tsankho ndimakonda kulemba zinthu ziwirizi pa bolodi, china kumanja china kumanzere, ndi kuwafunsa ana kuti akuonapo chiyani. Ochenjera amaona msanga. Nkhondo imene ndegeyo inapangidwira inali itatha kale. Pangano lothetsa nkhondoyo linasainidwa ku New York mu Disembala 1988, ndipo Namibia inalandira ufulu pa 21 Marichi 1990. Rooivalk inali khasu latsopano lofika mvula itatha.

Kwa dziko lonse, ndi kwa ife anansi, mtendere umenewo unali dalitso, ndipo palibe munthu wanzeru amene angalire nawo. Koma pitani pa geti la fakitale mukaone mbali inayo. Ndalama za asilikali zinayamba kudulidwa chaka ndi chaka, mpaka m'zaka zochepa zinatsika ndi pafupifupi theka. Asilikali a m'mlengalenga ankayembekezeka kugula Rooivalk 36; oda inatsika kufika pa 12. Mu 1989 anthu oposa 130,000 ankadya kuchokera ku ntchito zopanga zida m'dzikolo, kuphatikiza a m'makampani ang'onoang'ono operekera zipangizo. Pofika 1996 anatsala osakwana 80,000. Mu Epulo 1992 boma linapatula mafakitale a Armscor ndi kupanga kampani yatsopano ya Denel, ya boma yomwe, n'kuiuza kuti tsopano iphunzire kudziimira payokha ndi kukafuna misika kunja.

Nambala ya 12 ija musaione ngati yochepa chabe. Ndi nambala yopha. Ganizani za mphunzitsi amene watha zaka zisanu ndi chimodzi akulemba buku, walipira wojambula zithunzi, walipira wokonza masamba, walipira osindikiza kuti akonze makina, kenaka n'kuuzidwa kuti makope ofunika ndi 12 okha. Buku limodzi lidzagulidwa ndalama zingati? Ndi mmene zilili ndi ndege. Ndalama zambiri zimathera pa kuganiza, kuyesa, kulakwitsa ndi kukonzanso, ndege yogulitsa isanatuluke n'komwe. Ukapanga mazana angapo, mtolowo umagawikana. Ukapanga 12, ndege iliyonse imasenza phiri, ndiponso sipeya iliyonse imakhala yochita kusula payokha.

A Denel anayenda ndi ndege yawo ngati wogulitsa mandasi pa depoti. Britain inasankha Apache ya ku America mu 1995. Malaysia inaonetsa chidwi, osagula. Australia inasankha Tiger ya ku Ulaya mu 2001. Chiyembekezo chomaliza chinali Turkey, koma mu 2007 nayonso inasankha Mangusta ya ku Italy, ndipo chaka chomwecho akuluakulu a Denel analengeza kuti sathiranso ndalama zawo pa kutukula Rooivalk. Palibe dziko lakunja ngakhale limodzi limene linaigula. Zifukwa zake n'zomveka. Wogula ndege yankhondo sagula chitsulo chokha. Akugula ubale wa zaka 30, wa masipeya, maphunziro ndi ndale, ndipo amakonda ubale ndi dziko lamphamvu. Amafunsanso funso losavuta: kwanu komweko agula zingati? Chinanso, ziwalo zofunika za Rooivalk zinali zochokera ku nzeru za kampani ya ku Ulaya yomwe inkagulitsa Tiger. Kupikisana ndi munthu amene wasunga makiyi a nkhokwe yako n'kovuta. Pamwamba pa zonsezo, boma la South Africa lomwelo, pa kugula kwakukulu kwa zida kwa mu 1999 kumene kunadzetsa milandu ya katangale yosatha ija, linaitanitsa helikopita zopepuka 30 za mtundu wa A109 kuchokera ku Italy. Rooivalk zija, chifukwa cha kuperewera kwa ndalama, zinadzalengezedwa kuti zakonzeka kotheratu mu Epulo 2011, patatha zaka 21 chiulukire yoyamba.

Pano pali pamene nkhaniyi imakhudza ife mwachindunji. Mu 2013 United Nations inakhazikitsa gulu lapadera la asilikali kummawa kwa Congo, lopatsidwa mphamvu yomenya zigawenga, ndipo asilikali ake anachokera ku South Africa, Tanzania ndi Malawi. Pa 4 Novembala 2013 Rooivalk zinamenya nkhondo yake yoyamba, kuphulitsa malo a M23 m'mapiri a kufupi ndi malire a Uganda ndi Rwanda. Tsiku lotsatira M23 inalengeza kuti yasiya nkhondo (ngakhale tonse tikudziwa kuti inadzadzukanso patapita zaka). Ndiye kuti asilikali athu anali m'gulu limodzi ndi ndege imeneyi pa nthawi imene inaonetsa kuti imagwiradi ntchito. Ndikunena zimenezi kuti wina asaganize kuti anthu anachotsedwa ntchito chifukwa chopanga chinthu chachabechabe. Chinthucho chinali chabwino. Luso linalipo.

Koma luso silinawapulumutse. M'zaka za ulamuliro wa Jacob Zuma, Denel inalowereredwa ndi anthu oyandikana ndi banja la Gupta, monga momwe komiti yofufuza ya Raymond Zondo inadzafotokozera mu 2022. Boma linali likugula zochepa, akuba n'kudzabowolanso thumba. Mu 2019 kampaniyo inayamba kulephera kulipira malipiro athunthu, ndipo mu 2020 zinafika poipa moti mabungwe a antchito a Solidarity ndi UASA anakasuma kukhoti. Taganizani, injiniya amene amadziwa kulinganiza mapiko a helikopita akulandira kachigawo ka malipiro, banki ikufuna nyumba. Ambiri anachoka, ena mpaka ku United Arab Emirates ndi Saudi Arabia. Mu 2022 boma linaponyamo ndalama zoposa 3 biliyoni za rand kuti kampaniyo isafe, koma munthu amene wapita ndi luso lake sabwerera ndi cheke chimodzi.

Chimene chimasiyanitsa wopanga helikopita yankhondo ndi wophika zitumbuwa ndi ichi: wa zitumbuwa kasitomala mmodzi akadutsa amayembekezera wina. Wa helikopita yankhondo lamulo lomwe silimulola kugulitsa kwa aliyense. Kasitomala wake ndi boma, lakwawo kapena la eni, ndipo boma limagula potengera mantha ake, ndale zake ndi thumba lake la chaka chimenecho. Zitatuzi palibe chimene wantchito angachigwire.

Musaganize kuti ndi matenda a Africa okha. Ku England kuli tauni ya Yeovil imene moyo wake wagona pa fakitale ya helikopita ya Westland, imene lero ili m'manja mwa kampani ya ku Italy ya Leonardo. Pakati pa zaka za m'ma 1980 maoda a boma atachepa, Westland inatsala pang'ono kugwa, ndipo mkangano wa amene aipulumutse, Sikorsky ya ku America kapena makampani a ku Ulaya, unang'amba nduna za Margaret Thatcher. Mu Januwale 1986 nduna ya zachitetezo, Michael Heseltine, inatuluka pa msonkhano wa nduna n'kutula pansi udindo. Koma chimene chimandikhudza ine ndi china. Nthawi yomweyo boma la Britain linapereka ku India ndalama za chithandizo, mapaundi 65 miliyoni, zogulira helikopita 21 za mtundu wa Westland 30. Ziwiri zinagwa ndi kupha anthu, ndipo pofika 1991 zonse zinaimitsidwa. Ndalama zolembedwa kuti ndi zothandiza amphawi a ku India zinagwira ntchito yosunga malipiro a ku Yeovil. Ife amene timakhala m'dziko lodalira chithandizo tiziwerenga nkhani zotere kawiri.

Tsopano tibwerere kwathu, kumene sitinapangepo ndege koma tinali ndi Whitehead.

Inu obadwa m'ma 2000 simungamvetse kuti dzina limeneli linali chiyani mu Blantyre. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons inayamba ntchito mu 1967 pa Makata, ndipo kwa zaka zambiri gawo lalikulu linali la Lonrho, kampani ya Tiny Rowland, imene inalinso ndi minda ya nzimbe m'dziko muno. Pachimake pake inkalemba anthu oposa 3,000. Ndili mwana ndinkawaona m'bandakucha, abambo a kuno ku Chilobwe ndi ku Zingwangwa, kachikwama ka chakudya m'manja, akuyenda wapansi kudzera ku Chitawira ndi Ginnery Corner kukalowa shifiti. A ku Ndirande anali ndi mwayi, ankangotsetsereka. (Dzina la Ginnery Corner lomwelo ndi chikumbutso cha makina ochotsa njere za thonje. Timatsika pamenepo tsiku ndi tsiku osaganizako.) Munthu wogwira ku Whitex, monga tinkaitchulira, ankakongozedwa pa golosale popanda mafunso. Inali nthawi imene ngakhale mpira unkadziwika ndi maina a makampani: Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers, Admarc Tigers, MDC United.

Ndinene chilungamo, chifukwa aphunzitsi anzanga a mbiri mundigwira: Whitehead sinali ngati Denel ndendende. Nsalu yake inkagulidwa ndi aliyense, kuyambira amayi a kumudzi mpaka matelala a m'makonde a ku Limbe. Koma taonani amene anamanga mpanda wa msika umenewo. Boma ndilo linkatsekereza nsalu zakunja ndi misonkho ndi zilolezo, moti m'masitolo munalibe wopikisana naye weniweni. Thonje la kuchigwa cha Shire, ku Balaka ndi ku Salima linkagulidwa ndi ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma. Mwana aliyense wa sukulu ankayenera kuvala yunifolomu. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi mabuluku ndi masiketi aafupi, ndiye chitenje ndi diresi lalitali sizinali zosankha. Ndipo panali nsalu ya Mbumba, ya nkhope ya Kamuzu, imene amayi zikwizikwi ankavala pokavina pa bwalo la ndege la Chileka, pa sitediyamu ndi paliponse pamene Ngwazi yapita. Ndalama zinkatuluka m'matumba a anthu wamba, inde, koma dzanja lolozera kumene zipite linali limodzi.

Chodabwitsa cha mbiri n'chakuti mpandawo unayamba kugwedezeka kuchokera m'kati mwa fakitale yomweyo. Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Kumayambiriro kwa Meyi antchito a Whitehead ananyanyala ntchito kufuna malipiro abwino, ndipo moto unafalikira mumzinda monse. Masitolo a PTC anathyoledwa, mfuti zinalira, ndipo mabuku ambiri amati anthu pafupifupi 40 anafa. Ine ndinali wa pulayimale. Chimene ndimakumbukira ndi amayi akutikokera m'nyumba masana dzuwa likuswa mtengo, ndi kutiuza kuti aliyense wofunsa tizimuyankha kuti sitinaone kanthu. Mwezi womwewo maiko othandiza anaimitsa chithandizo chawo. Pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu, pa 17 Meyi 1994 tinasankha boma latsopano.

Anthu amene anayatsa nawo moto wa ufuluwo ndi amene anayamba kupsa nawo. Lamulo la kavalidwe linachotsedwa mu 1993. Mu Febuluwale 1994 kwacha inasiyidwa kuti ipeze yokha mtengo wake, ndipo utoto, mankhwala ndi masipeya ochokera kunja zinakwera mtengo. Chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi linayambitsa maphunziro a pulayimale aulere, ndi kunena kuti mwana asabwezedwe chifukwa chosowa yunifolomu. Ana a sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ine ndine mphunzitsi, sindinganene kuti chimenecho chinali cholakwika. Ambiri a inu mukuwerenga pano chifukwa cha chigamulo chimenecho. Koma telala wa pakhonde ndi woluka nsalu wa pa Makata anachimva m'njira ina. Nsalu ya Mbumba inatha ntchito. Malire anatseguka monga momwe World Bank ndi IMF ankafunira kuyambira m'ma 1980, ndipo kaunjika anadzaza misika ya Limbe ndi Ndirande. Shati ya kaunjika inkatsika mtengo kuposa nsalu yokha yosasoka. Ndani akanaimba mlandu mayi wa ana asanu posankha kaunjika?

Pakati pa zaka za m'ma 1990 Lonrho inachokamo, fakitale n'kutsala m'manja mwa boma, ikuyenda ndi makina okalamba ndi ndalama zochita kupempha ku thumba la dziko. Lamulo logulitsa makampani a boma linadza mu 1996, ndipo mu 2003 Whitehead inagulitsidwa kwa a Mapeto pa mtengo umene antchito ndi anthu ambiri anati ndi wotsika kwambiri. Panali zionetsero ndi milandu, koma malonda anatheka. Fakitale ikadalipo pansi pa dzina la Mapeto DWSM, koma chigulu cha m'bandakucha chija sichinabwererenso.

Muone kufanana kwake. Ku Kempton Park nkhondo inatha, ku Makata ulamuliro wa chipani chimodzi unatha. Zonse ziwiri zinali nkhani zabwino kwa dziko. Konse kuwiri, munthu amene anaphunzira ntchito imodzi kwa zaka 20, naigwira mokhulupirika, anadzuka tsiku lina n'kupeza kuti amene ankasunga msika wake wasintha maganizo. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma kunena zoona apa ng'oma inalira, kungoti inkalirira m'maofesi a ku Pretoria, ku Capital Hill ndi ku Washington, kumene woluka nsalu safikako.

Kwathu nkhani imeneyi inalowa pakhomo kudzera mwa amalume anga, malemu tsopano. Iwo sanali a Whitex. Anali owotcherera zitsulo pa kakampani kena kamene sinditchula dzina, kopanga madesiki a sukulu ndi mabedi a m'zipatala. Kampaniyo inkapanganso mawilibala ndi mafelemu a zitseko ogulitsa kwa anthu wamba, mpaka pamene inapeza oda yaikulu ya madesiki kuchokera ku ofesi ina ya boma. Bwana anasiya zina zonse, analemba anyamata ena, anakongola ku banki kugula makina opindira mapaipi. Chaka chimenecho amalume anagula wailesi ya makaseti awiri ndi njinga, ndipo ine anandigulira nsapato zanga zoyamba za chikopa. Madesiki anaperekedwa. Malipiro anachedwa miyezi, kenaka chaka. Oda yachiwiri imene analonjezedwa sinabwere. Makasitomala a mawilibala anali atapita kale kwina. Tsiku lina Lachisanu anawaitana onse pabwalo ndi kuwauza kuti adikire kunyumba, adzawaitana. Amalume anadikira. Ankati akamva galimoto ikuima kumsewu ankatuluka kukasuzumira. Ndinawafunsa ndili ku koleji chifukwa chimene sanayambe msanga zawozawo, poti luso anali nalo. Anandiyang'ana nati, "Mphwanga, makina owotcherera anali a kampani. Ine anga anali manja okha." Anadzapeza makina akale patapita zaka zinayi, n'kumawotcherera mbaula ndi mageti pansi pa mtengo kufupi ndi msika mpaka maso anafooka.

Ndipo sizinathere m'zaka zimenezo. MDC, bungwe la boma limene linabala makampani ambiri a mumzinda uno, linatsekedwa, timu yake ya mpira n'kufera limodzi. Mu 2022 boma linaimitsa ntchito za ADMARC, ndipo antchito oposa 3,000 anachotsedwa. Aliyense wa ku Limbe akudziwa wina amene anakhudzidwa.

Apa wina anditsutse, ndipo ali ndi mfundo. Popanda boma, kodi Whitehead ikanamangidwa? Ayi. Popanda boma, Rooivalk ikanauluka? Ayi. M'dziko losauka ngati lathu, boma ndilo lokhalo limene lili ndi thumba lotha kugula madesiki zikwi makumi angapo nthawi imodzi, ndipo n'kwabwino kuti ligule kwa mwana wa ku Ndirande kusiyana n'kuitanitsa kunja. Mu Marichi 2016 boma la Peter Mutharika linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi ndi cholinga chimenecho, ife ogwira ntchito m'boma n'kulimbikitsidwa kuvala nsalu zakwathu Lachisanu. Ndinasoketsa malaya anga awiri. Nditayang'ana m'mphepete mwa nsaluyo ndinapeza kuti inali yochokera kunja, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ine sindikuti oda ya boma ndi poizoni. Ndikuti m'nkhani zonsezi zaka za mafuta zinadyedwa popanda wofunsa kuti tikagulitse kwa yani mpanda ukadzagwa. Whitehead inali ndi zaka zoposa 20 zotetezedwa, nthawi yokwanira kugula makina atsopano ndi kuphunzira kupikisana. Armscor inali ndi mainjiniya otha kupanga chilichonse, koma inawaphunzitsa kusangalatsa wogula mmodzi amene sankafunsa mtengo. Pamene anauzidwa kuti apite kumsika, anapita ngati mwana wa m'nyumba ya mpanda amene sanakwerepo minibasi.

Ndisanaloze ena chala, aphunzitsi anzanga, tidziyang'ane. Ifenso kasitomala wathu ndi mmodzi. Makoleji amatulutsa aphunzitsi chaka ndi chaka, ndipo tonse taona magulu a omaliza maphunziro akukhala pakhomo zaka ziwiri, zitatu, kudikira kuti boma lipeze ndalama zowalembera, pamene makalasi ali ndi ana oposa 100. Kusowa kwa aphunzitsi kulipo, monga momwe kusowa kwa helikopita kunalili mu Marichi 2023. Koma kusowa si oda. Oda ndi siginecha ndi ndalama. Ine diploma yanga ndi ya kuphunzitsa mbiri. Malipiro akachedwa sabata imodzi ndimayamba kuzemba njira ya pa golosale ngati wina aliyense.

Mnyamata wa funso uja analemba mayeso a Fomu 4 mu 2024. Mwezi watha ndinakumana naye pa siteji ya minibasi, manja akuda bii, magalasi owotcherera ali pachipumi. Iye ndi anzake awiri anasonkherana kugula makina, akupanga mageti, mafelemu a mawindo ndi mbaula. Anthu ambiri akumanganso kuno chichokereni Freddy, ndiye ntchito ikupezeka pang'onopang'ono. Ndinamukumbutsa za helikopita, anaseka mwamanyazi. Kenaka nkhope inawala.

"Aphunzitsi, tamva kuti kukubwera tenda ya madesiki. Tikaipeza imeneyo basi, zamagetizi tisiya. Tilemba anyamata ena asanu."

Ndinamufunsa kuti makinawo ali m'dzina la yani. Anati la atatu onse, analemberana pakapepala. Ndinamufunsanso kuti mayi amene anaoda geti sabata yatha adzapita kwa yani iwo akadzatanganidwa ndi madesiki. Anayamba kuyankha, koma kondakitala anali akumenya kale chitseko, ndipo mpando wotsala unali umodzi. Ndinamuuza kuti abwere kunyumba Loweruka, ndi anzake awiriwo, abweretsenso kapepalako.